Palembedwa kuti organic, koma wanena ndani? Mafunso ndi mayankho pa malebulo onama ndi malamulo oteteza ogula

Chinandiyambitsa kufufuza zonsezi ndi botolo la uchi. Ndinaligula mu shopu ina ku Lilongwe, lija la pulasitiki lofinya, atamatapo sitika yobiriwira ya katsamba ndi mawu akuluakulu oti 100% ORGANIC. Pambali pake panali lina lopanda sitika, kukula chimodzimodzi, uchi wake kuoneka chimodzimodzinso, koma mtengo wotsika ndithu. Ine nkutenga la sitikalo. Kufika kunyumba mayi a ana anangolitembenuza botolo lija nkufunsa kuti, “Bambo a Chisomo, wanena kuti ndi organic ndi ndani?” Kumbuyoko kunalibe dzina la kampani, kunalibe adiresi, kunalibe chidindo cha Malawi Bureau of Standards (MBS), nambala ya foni yokha basi. Uchiwo unali wokoma bwinobwino, sindikunena kuti anathiramo shuga ayi. Koma ndalama yapamwamba ija ndinagulira sitika. Mafunso ali mmunsiwa ena ndi omwe ndinadzifunsa ndekha, ena ndi omwe anthu amandifunsa ndikawafotokozera nkhani ya botololi.

Kodi organic si zomwe timati za lokolo zija?

Ayi, ngakhale pena zimakumana. Nkhuku ya lokolo tikutanthauza mtundu wake ndi mmene imayendera pabwalo nkumadzitolera yokha, koma nkhuku yomweyo itha kumadya madeya a chimanga chothiridwa feteleza komanso Actellic. Organic mmalamulo a mayiko omwe analemba za nkhaniyi ndi ndondomeko ya kalimidwe: osathira feteleza wa mfakitale, osapopera mankhwala a mfakitale ophera tizilombo ndi udzu kupatula ochepa omwe ali pa mndandanda wololedwa, osadzala mbewu za GMO (zosinthidwa chibadwa chake mu labu), ziweto zizidya chakudya chomwe nachonso ndi organic. Ndipo munda sumangosanduka organic lero ndi lero. Ku America pamafunika miyezi 36 munda uli wosathiridwa choletsedwa chilichonse musanakolole, ku European Union (EU) zaka ziwiri pa mbewu za pachaka ndi zitatu pa zokhalitsa ngati mitengo ya zipatso.

Nde taonani apa pomwe pagona vuto lonse. Chinthu cha organic simungachidziwe pochiyang'ana, pochinunkhiza kapena pochilawa. Soya wa organic ndi soya wamba mukawathira mu lichero limodzi palibe angawalekanitse olo katswiri. Chomwe mukulipira ndi mbiri ya chakudyacho, ndipo mbiriyo ili pa pepala.

Ine ndimathira mbeya, feteleza wa mthumba ndinasiya. Chimanga changa ndi organic eti?

Pepani achimwene, ayi. Mbeya amene ambiri akupanga pano amasakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza weniweni pang'ono, nkumanga mthumba la pulasitiki masiku 21. Feteleza pang'onoyo ndi wokwanira kuti inspekitala akukanizeni. Si kuti mbeya ndi woipa, akupulumutsa mabanja ambiri ndi mmene thumba ladulira, kungoti dzina lake si organic. Manyowa a khola ndi kompositi ndi omwe amaloledwa. Ndipo olo mutalima bwino chaka chonse koma pokolola nkuthira fumbi la nankafumbwe mmatumba, basi mwatulukamo.

Amene amavomereza kuti chakuti ndi organic ndi ndani?

Ku America kuli lamulo la Organic Foods Production Act la 1990, ndipo malamulo ake atsatanetsatane anayamba kugwira ntchito mu October 2002 pansi pa unduna wa zaulimi wa USDA. Koma boma silipita mminda lokha. Limavomereza mabungwe ndi makampani opereka satifiketi, iwowo ndi amene amatumiza inspekitala kamodzi pa chaka, kuona munda, nkhokwe, malisiti a mbewu, mabuku a zomwe munathira. Ku Ulaya ndi chimodzimodzi, kuli makampani ngati Ecocert ya ku France, Control Union ya ku Netherlands ndi CERES ya ku Germany, ndipo omwewa ndi amene amafika mpaka ku Africa kuno kudzayendera alimi ofuna kugulitsa kunja.

Mbali yomwe ine imandivuta ndi yoti amene amalipira inspekitala ndi mlimi yemwe akuyenderedwayo. Zili ngati mwana wa sukulu azilipira yekha womuchongera mayeso, ndipo akaona kuti ndi wovuta ali ndi ufulu wokapeza wina chaka chamawa.

Pa lebulo, ku America anagawa patatu. “100% organic” ndiye zonse, “organic” ndi 95% kupita mmwamba, “made with organic” ndi 70% kupita mmwamba koma chomalizachi sichiloledwa kuika chidindo chozungulira cha USDA chija. Ndipo dzina la wopereka satifiketi limayenera kulembedwa pa paketi. Ku EU kuyambira July 2010 zakudya za mpaketi zimakhala ndi tsamba lopangidwa ndi tinyenyezi pa bokosi lobiriwira, pambali pake nambala ya bungwe loyendera ndi komwe zinalimidwa.

Ngati kuli mainspekitala ndi masatifiketi, nanga anthu amabera bwanji?

Apa mpofunika nkhani ya Randy Constant, chifukwa ndi imene imaonetsa bwino mmene dilu yake imayendera. Bamboyu anali mlimi wa ku Chillicothe mchigawo cha Missouri, munthu wa kutchalitchi, anakhalakonso mu komiti yoyendetsa masukulu a kwawoko, uja anthu amamudalira pa zochitika za mmudzi. Anali ndi minda yeniyeni ya organic ku Missouri ndi ku Nebraska, ya satifiketi zenizeni, osati zopanga pa kompyuta. Analinso ndi kampani yogula ndi kugulitsa mbewu yotchedwa Jericho Solutions ku Ossian mchigawo cha Iowa.

Chomwe ankachita nchosavuta moti mungadabwe. Ankagula chimanga ndi soya wamba kwa alimi ena pa mtengo wotsika, nkumagulitsa pa mtengo wa organic, pepala loperekeza katunduyo nkukhala satifiketi ya minda yake ija. Satifiketi nthawi imeneyo imangonena kuti munda wakuti ndi organic, simanena kuti munda umenewu ungatulutse matani angati ndipo agulitsako kale angati. Nde pepala limodzi lomwelo litha kuperekeza thiraki yoyamba, yachiwiri, yachikhumi, ya 500, wogula aliyense akuona pepala labwinobwino osadziwa kuti anzake 40 aonetsedwanso lomwelo. Tiyerekeze kwathu kuno, munthu ali ndi munda wa maekala awiri koma wagulitsa matumba 3,000 ati onse achokera mmenemo. Aliyense wogula matumba 50 sangadabwe kanthu. Angadabwe ndi yekhayo amene waphatikiza malisiti onse nkupita kukaima pa mundapo.

Kuyambira 2010 kufika 2017 Constant anagulitsa mbewu za ndalama zoposa $142 miliyoni ngati organic, ndipo iye mwini anavomera mkhoti kuti zochuluka zake sizinali. Kuchuluka kwake kunali mabushelo oposa 11 miliyoni, tikawerengera mwa kwathu ndi matumba a 50 kg pafupifupi 6 miliyoni. Mu 2016 mokha zomwe anagulitsa zimafanana ndi 7% ya chimanga chonse cha organic cholimidwa mu America ndi 8% ya soya. Munthu mmodzi. Ndipo poti zambiri zimapita ku chakudya cha nkhuku ndi ng'ombe, bodzalo linayenda mpaka mmazira, mu mkaka ndi mu nyama, alimi a ziwetowo akumata chidindo cha organic ndi mtima woyera osadziwa kuti nkhuku zawo zikudya chimanga wamba.

Zinatha bwanji?

Anavomera mlandu mu December 2018. Chochititsa chidwi ndi mlandu womwe anamuzenga, sunali wophwanya malamulo a kalembedwe ka lebulo ayi, unali wakuba mwachinyengo kudzera pa mauthenga ndi kutumizirana ndalama, womwe kumeneko amautcha wire fraud. Chifukwa chake nchoti chindapusa cha lamulo la organic palokha nchochepa, chinayambira pa $10,000 pa mlandu uliwonse ndipo pano changodutsako $20,000, kwa munthu wa mamiliyoni ngati ameneyu imeneyo ndi ndalama ya fanta. Pa 16 August 2019 khoti la ku Cedar Rapids linamupatsa miyezi 122, zaka khumi ndi miyezi iwiri, nkulamulanso kuti alandidwe ndalama zoposa $128 miliyoni. Oimira boma ananena mkhotimo kuti zina mwa ndalamazo zinathera ku Las Vegas pa juga ndi akazi, maulendo oposa 20. Alimi atatu a ku Nebraska amene ankamupatsa mbewu akudziwa zomwe zikuchitika anamangidwanso, zilango zawo zocheperapo. Patangopita masiku atatu chigamulo chiperekedwe, asanakayambe ukaidi, Constant anadzipha kunyumba kwake.

Anthu omwe sitimawawerenga pa nkhaniyi ndi alimi oona mtima. Iwo akupalira ndi makina kangapo pa chaka poti sangapopere mankhwala a udzu, zokolola zikuchepa, kenako pamsika mpamene akupeza kuti mtengo wagwa chifukwa wina wakhuthulirapo matani osalimidwa movutikira choncho.

Ndi za ku America zokha zimenezi?

Ayi ndithu. Mu December 2011 apolisi a zachuma a ku Italy, a Guardia di Finanza a ku Verona, anaulula gulu lomwe linagulitsa matani oposa 700,000 a zakudya zonamizira organic, za ndalama pafupifupi mayuro 220 miliyoni, tirigu, soya, ufa, zipatso, zina zochokera ku Romania. Mwa omangidwawo munalinso ogwira ntchito ku bungwe lopereka masatifiketi, nde mlonda yemweyo ndi amene amatsegulira akuba geti.

Ina ndi ya sitima ya soya yomwe nyuzipepala ya Washington Post inaitulutsa mu 2017. Soyayo, matani pafupifupi 16,000, anachokera ku Ukraine ali soya wamba, atafukizidwa ndi mapilisi a aluminium phosphide, aja amaika mmagodauni pophera anankafumbwe, omwe mu organic ndi oletsedwa. Anadutsira ku Turkey, pofika ku doko la Stockton ku California mapepala ake akuti organic. Panyanja pompo mtengo wake unakwera ndi pafupifupi $4 miliyoni popanda nyemba imodzi kusintha.

Ku Germany nako mu 2013 kunaphulika ya mazira, mafamu oposa 100 mchigawo cha Lower Saxony anafufuzidwa poganiziridwa kuti amathithikiza nkhuku zambiri kuposa zololedwa koma mazira nkumawadinda ngati a nkhuku zoyenda panja kapena za organic.

Bwanji osangotenga chakudyacho kukachiyeza ku labu?

Amayeza, koma labu simaona zonse. GMO ndiye imagwidwa msanga, nchifukwa chake ochenjera amagula mbewu wamba zomwe si za GMO kuti akayeza zituluke zoyera. Mankhwala opopera ambiri amakhala atatha mphamvu pofika nthawi yokolola, makamaka a udzu omwe anathiridwa mbewu zili zazing'ono. Feteleza ndiye ovutiratu, pali njira yoyeza mtundu wa nayitirojeni mu mbewu koma siipereka yankho lodula mutu wa nkhani nthawi zonse. Mbali inayo, mutha kupeza timankhwala pa mbewu za mlimi wosalakwa chifukwa neba wake anapopera kukuwomba mphepo. Ku America opereka masatifiketi amakakamizidwa kuyeza 5% yokha ya omwe amawayendera pa chaka. Nde chomwe chimagwira akuba kwenikweni si makina a mu labu, ndi masamu a sitandade 5: maekala ndi angati, ekala imatulutsa zingati, mwagulitsa zingati, zotsala mnkhokwe ndi zingati.

Zitachitika zonsezi malamulo anasinthako?

Eya. USDA inatulutsa malamulo atsopano otchedwa Strengthening Organic Enforcement mu January 2023, ndipo aliyense amayenera kukhala atawatsatira pofika 19 March 2024. Chachikulu nchoti anthu apakati, ogula nkugulitsa ngati mmene ankachitira Constant, amene ambiri kale samafunika satifiketi, pano akufunika. Katundu aliyense wa organic wolowa mdzikomo azikhala ndi satifiketi yakeyake ya pa kompyuta, mainspekitala azifikanso mosayembekezereka, ndipo azilondola katundu kubwerera mmbuyo mpaka kumunda. Ku EU lamulo latsopano la nambala 2018/848 linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, ndipo satifiketi ya katundu wochokera kunja imadutsa pa makina otchedwa TRACES, osatinso kapepala kongojambula pa fotokope.

Nanga mawu aja oti natural, pure, farm fresh, chemical free?

Amenewa ndi mawu a malonda basi, palibe inspekitala amene anapita kumunda chifukwa cha iwo. Amalonda amawakonda dala poti amakupatsani maganizo a organic popanda iwo kudzimangirira ku lamulo la organic. Katsamba kobiriwira, kachithunzi ka agogo atanyamula khasu, pepala la khaki, zonsezo wina aliyense atha kupangitsa pa malo osindikizira makadi a ukwati. EU inakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa mawu ongokometsera za chilengedwe opanda umboni komanso zidindo zongodzipangira, loyamba kugwira ntchito mu September 2026.

Ndipo poti tinayamba ndi uchi: ku EU kuti uchi utchedwe organic, malo ozungulira ming'oma makilomita atatu mbali zonse ayenera kukhala a mbewu za organic kapena tchire lachilengedwe. Njuchi simungaiuze kuti usapite mmunda wa mpendadzuwa wa a Phiri. Nde uchi wa mnkhalango yeniyeni utha kukwanitsa, koma wa ming'oma yomwe ili pafupi ndi madimba a tomato opoperedwa sabata iliyonse, olo mwini wake asathiremo kanthu, sungadutse.

Kuno ku Malawi wogula angagwire lamulo liti?

Chida chathu chachikulu ndi lamulo loletsa kunamiza wogula, ndipo silifuna kuti mawuwo akhale organic okha, bodza lililonse la pa katundu limalowa momwemo. Pali Consumer Protection Act ya 2003 yomwe imanena za ufulu wa wogula kuuzidwa zoona za chinthu chomwe akugula ndi kubwezeredwa akalakwiridwa. Palinso Competition and Fair Trading Act, yomwe amaiyendetsa ndi a Competition and Fair Trading Commission, aja timangoti a CFTC. Lamulo lakale linali la 1998, ndipo mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulolo silimawapatsa a CFTC mphamvu yolipitsa chindapusa paokha, nde kwa kanthawi anali ngati galu wouwa wopanda mano. Latsopano la 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July chaka chomwecho, linawabwezera mano, kampani itha kulipitsidwa mpaka 10% ya ndalama zonse zomwe yapanga pa chaka ndipo atha kulamula kuti wogula abwezeredwe zake.

Kwina ndi ku Malawi Bureau of Standards, yomwe ilipo kuyambira 1972. Iwo ali ndi muyezo wa MS 19 wa kalembedwe ka malebulo a zakudya za mpaketi, wofuna kuti pakhale dzina ndi adiresi ya wopanga, zomwe zili mkatimo, kulemera kwake ndi madeti, komanso kuti lebulo isanamize. Botolo langa lija linalakwa kale pamenepa tisanafike nkomwe pa nkhani ya organic. Koma chenjerani, chidindo cha MBS chimatanthauza kuti chinthucho chakwanitsa muyezo wa mtundu wake, sichikunena kuti ndi organic, ziwirizi ndi zosiyana. Palinso a CAMA, bungwe la ogula lomwe a John Kapito akhala akulitsogolera zaka zambiri, iwo salipitsa chindapusa koma phokoso lawo limamveka.

Ndikufuna kukadandaula. Ndiyambire pati?

Yambani ndi lisiti. Ife ambiri lisiti timaisiya pa kauntala pompo kapena timakulungira chingamu, koma popanda iyo wa shopu angokuuzani kuti simunagule kwa ife. Paketi kapena botolo musataye, jambulani kutsogolo ndi kumbuyo, jambulaninso pa shelefu pomwe pali mtengo. Ngati munagula pa Facebook kapena pa WhatsApp tengani sikirinishoti ya positi yomwe analemba kuti organic isanafufutidwe, ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba womwe munalipirira.

Kenako funsani wogulitsayo, bola polemba osati pakamwa, funso limodzi lokha: satifiketi yanu anapereka ndani ndipo nambala yake ndi chani? Wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli, anailipira modula satifiketiyo nde amanyadira kuionetsa. Akakutumizirani onani zinthu zitatu, dzina la pa satifiketi ngati likufanana ndi la pa paketi, deti ngati sinathe, komanso ngati chinthu mwagulacho chatchulidwapo, chifukwa pali ena satifiketi ndi ya khofi koma akuigwiritsa pa uchi, chiponde ndi moringa yemwe. Ngati akuti ndi ya USDA mutha kulemba dzina la kampaniyo mu Organic Integrity Database pa intaneti, ndi yaulere ndipo muli makampani a mayiko onse. Akayamba zoti bwana kulibe, satifiketi ili ku Blantyre, tikuyimbirani, ndiye lembani kalata ku CFTC muphatikize zonse mwasonkhanitsazo.

Wa shopu akuti iye anangooda, wolakwa ndi wopanga. Nzoona?

Atha kukhala kuti nayenso anapusitsidwa, zimachitika, alimi a nkhuku a ku America aja anali choncho. Koma ndalama zanu analandira ndi iyeyo, nde kubweza kuyambire pa iye, yekha akalondole kwa amene anamuodetsa. Podandaula tchulani onse awiri. Ndipo ngati mwamuuza kuti lebuloyi ilibe umboni iye nkupitiriza kugulitsa pa mtengo womwewo, pamenepo zoti sindimadziwa zatha.

Ngati ndinadya za organic zabodza, ndidwala?

Kawirikawiri ayi. Mwadya chakudya wamba chomwe anthu ena onse akudya, chomwe chapweteka ndi thumba lanu. Koma funsoli litembenuzeni, chifukwa ambiri amaganiza kuti organic ndiye kuti chotetezeka ku chilichonse. Mtedza wa organic ukasungidwa ponyowa umachita chuku chimodzimodzi, ndipo poizoni wa chuku uja, aflatoxin, ndi woopsa ku chiwindi kuposa zambiri zomwe timaziopa. Letesi wothiriridwa madzi a mumtsinje wodutsa mtauni atha kukutsegulani mmimba olo sanaonepo feteleza chibadwire. Organic imalolanso mankhwala ena, a kopa, a nimu, ndi ena ochokera ku zomera. Nde kutsuka masamba musasiye.

Ife tili kunja, tizionera chani?

Amene muli ku UK, chakudya sichingagulitsidwe ngati organic popanda bungwe lovomerezeka, ndipo nambala yake imalembedwa pa paketi, mwachitsanzo GB-ORG-05 ndi ya Soil Association. Pa dzira onani nambala yoyamba ya chidindo chofiira chija, 0 ndi organic, 1 nkhuku zoyenda panja, 2 za mkhola lalikulu, 3 za mkeji. Madandaulo amapita ku Trading Standards, ofesi yoona za chilungamo pa malonda, ku England ndi Wales mumadutsira ku bungwe lolangiza anthu la Citizens Advice. A ku Joni muli ndi Consumer Protection Act ya 2008 ndi National Consumer Commission, ndipo kumeneko satifiketi za organic ndi za mabungwe oima paokha nde dzina la bungwelo lizioneka. Ku Zambia ndi CCPC, bungwe langati CFTC yathu ija, pansi pa lamulo lawo la 2010.

Ndine mlimi wamng'ono, ndimalimadi popanda mankhwala koma satifiketi sindingaikwanitse. Ndilembe chani?

Funso ili limandikhudza kuposa onse, chifukwa dongosolo lonseli linapangidwira anthu a ndalama. Kuitanitsa inspekitala wa kampani ya ku Ulaya, kumulipirira ulendo, malo ogona ndi fizi ya chaka ndi chaka, zonse mu ndalama zakunja, mlimi wa dimba limodzi sangathe. Agogo amene sanagulepo botolo la mankhwala moyo wawo onse alibe pepala, pomwe wa bizinesi wa printa yabwino ali ndi sitika. Ku America anaganizirako, wogulitsa zosapitirira $5,000 pa chaka atha kunena kuti organic popanda satifiketi bola akutsatira malamulo ake, koma chidindo sangaike.

Ofuna kugulitsa kunja amalowa mmagulu, kopaletivi imakhala ndi oyendera akeake amene amafika kwa membala aliyense ndi kulemba, inspekitala wakunja nkudzangoyendera ena mwa iwo. Malamulo atsopano a EU anaika malire a mamembala 2,000 pa gulu limodzi ndi zofunika zina zomwe zakweza mtengo kwa magulu ambiri a mu Africa muno. Pa msika wa mdziko momwemo pali njira yotchipa yotchedwa PGS, alimi ndi ogula a dera limodzi amagwirizana malamulo, nkumayenderana minda okhaokha, wophwanya amachotsedwa. Kwa aneba athu ku Tanzania, Kenya ndi Uganda magulu otere amagwiritsa chidindo cha Kilimohai, chomwe chinabwera ndi muyezo wa organic wa East Africa mu 2007.

Ngati mulibe zonsezi, lembani zomwe mumachitadi mmawu oti mutha kuwaikira kumbuyo. “Timathira manyowa a mbuzi, sitipopera mankhwala a mshopu, dimba lili kwakuti, bwerani mudzaone.” Muikepo dzina lanu ndi komwe muli. Mawu amenewo wogula atha kuwatsimikiza ndi njinga ya kabaza, ndipo inu simungagwidwe nawo bodza.

Nanga mayi wa pamsika akandiuza kuti mpiru wakewo sanapopere, ndimukhulupirire?

Lamulo loletsa kunamiza silisankha kuti bodza lalembedwa kapena lanenedwa pakamwa, koma kunena zoona palibe amene adzatsegule fayilo ku Lilongwe chifukwa cha mpukutu umodzi wa mpiru. Komanso nthawi zambiri mayiyo sanalime yekha, anakapikula mbandakucha kwa a madimba, nde akuyankha zomwe akuona kuti mukufuna kumva. Timabowo ta mbozi pa masamba anthu amati ndi umboni, koma mlimi amapopera ataona kale kuti mbozi zayamba kudya, nde tsamba lobooka litha kukhala lomwe lapoperedwa dzulo lomweli.

Ine ndimafunsa mafunso oti munthu wongopikula sangayankhe bwino. Dimba lili kuti, nsabwe za mmasamba zikagwa mumatani, madzi mumatunga pati. Mayi wina amene ndimagulako chisoso ndi bonongwe anandiyankha kuti, “Achimwene, bonongwe ndani angawonongere ndalama kumupopera, amamera yekha kuseri kwa khola. Koma tomato uyu ndisakunamizeni, wapoperedwa Lachiwiri, mukamutsuke bwino.” Ndinagula zonse ziwiri, tomatoyo ndinakamutsuka kawiri.